Ndafufuta Dzina Lako pa Tchati

Govan, Lachisanu masana

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba ndili pampando wanga wa pawindo kuchipatala kuno. Mkono wamanzere ndaupereka kwa makina osefa magazi monga mwa masiku onse, wamanja wagwira cholembera chimene ndabwereka kwa nesi Moira, uja amandinena kuti ndimakhala pampando ngati ndikuyembekezera perete. Ndili ndi maola anayi ndipo palibe kothawira, choncho lero ndilankhula mpaka ndimalize. Ukaona zilembo zikupendekeka usaganize kuti bambo ako ayamba kumwa ku ukalamba, ndi katebulo ka matayala aka kamene sikakhazikika.

Ndiyambe ndi kuulula. Dzulo m'mawa ndinkafuna pepala lolembapo zokagula, ndipo pamakina osindikizira a pabalaza ndinapeza mapepala awiri. Ndinawawerenga onse, ndipo sindipepesa. Loyamba linali tchati chosonyeza mmene ndidzasamalidwire iwe ukachoka. Lachiwiri linali kalata yopita kwa pulofesa wako wa ku Sweden, yothokoza chifukwa cha malo amene anakupatsa, koma yonena kuti sutha kubwera chifukwa bambo ako akudwala impso. Chizolowezi chako chosindikiza kalata iliyonse kuti uyambe waiwerenga ndi pensulo ndicho chakugwiritsa. Sunaitumize, koma tsiku limene walemba pamwamba pake ndi la mawa. Ndiye kuti ndege ikunyamuka mawa masana, masutikesi ali pakhomo, ndipo iwe ukuganizabe zodzuka m'mawa n'kukana zonse. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Ndikulemba kuti ukwere ndege imeneyo, ndipo ndikuuza chifukwa chake m'chilankhulo chimene iwe ndi ine timamvana, cha asilikali.

Kwa zaka ziwiri takhala tikudyera pamiyendo chifukwa tebulo lathu linalandidwa ndi magulu ankhondo a Denmark ndi Sweden. Ndinkati ndikafuna kuika kapu ya tiyi, iwe n'kukuwa kuti, “Adadi, osati pamenepo, mukunyowetsa apakavalo a mfumu ya Denmark!” Poyamba ndinkaseka kuti mwana wa ku Dedza wokulira ku Govan, kuno kwa Asikoti, akufunanji kwa anthu amene anamenyana kalekale m'chipale chofewa. Koma unandikhazika pansi n'kundionetsa mabokosi ako ojambula papepala. Pamwamba bokosi limodzi la mkulu wa nkhondo, pansi pake akazembe ake, pansi pawo magulu, mpaka kutsika kwa anthu a msinkhu wanga, masajeni, amene mwa nthawi zonse sanalembedwe mayina. Unandiuza kuti chimene ukufufuza si kuti anapambana ndani ayi, koma kuti lamulo linkayenda bwanji kuchokera m'bokosi la pamwamba kukafika kwa munthu wogwira mfuti, ndi kuti linkafera pati m'njira. Tsiku limenelo ndinasiya kuseka, chifukwa funso limenelo ndinakhala nalo zaka makumi awiri ndi ziwiri ku usilikali popanda wondithandiza kuliyankha. Mayina a malo ndimawasokonezabe, ndipo ukandifunsa nkhondo iti inayamba ndi iti ndilephera mayeso. Koma mabokosi ndimawamva.

N'chifukwa chake tchati chako cha dzulo ndinachiwerenga ngati sajeni. Ndi chokongola, ndikuyamika. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, wonditenga kuchipatala. Lachiwiri amayi a kumpingo ndi chakudya chopanda mchere wambiri, pansi pa Mayi Gondwe. Bambo Archie a pakhomo loyang'anana ndi lathu, kugogoda m'mawa uliwonse. Mankhwala, mafoni a madokotala, tsiku loyezetsa magazi, zonse m'mabokosi awo. Ndiye pamwamba pa zonse, m'bokosi lalikulu, mwalembedwa TAMANDA ndi nambala yako ya foni ya ku Sweden. Mchimwene wako Limbikani ndinachita kumufunafuna. Ndinamupeza pansi penipeni kumanzere, ndi mawu akuti, “Zinyalala Lachinayi. Pakavuta chilichonse ayambe waimbira Tamanda.” Ndikuona chimene chinachitika. Utamaliza kujambula unachiyang'ana ndi diso lako la sukulu, n'kuona wekha kuti gulu lotere silingayende, ndipo unatsegula tsamba lina n'kulemba kalata yokana. Kuona unaona bwino, koma mankhwala ake unalakwitsa.

Ndili kopolo wamng'ono, ndevu zisanalimbe, anatitumiza kuphiri kukachita masewera a nkhondo a masiku atatu. Tinali anthu khumi ndi awiri. Kaputeni wathu anali munthu wosafuna kukhumudwitsa aliyense, ndipo poona kuti ine ndi Kopolo Mbewe tinakwezedwa tsiku limodzi, anati, “Inu awiri muyendetse gululi pamodzi.” Ine ndinasangalala, Mbewe anasangalala. Tinanyamuka tikuseka, aliyense akuuza mnzake kuti tsogolani ndinu. Titafika pamwamba dzuwa likupendeka, ndinauza anyamata kuti akoleze moto. Moto unayaka bwino. Kenako ndinatembenukira kwa Mbewe n'kufunsa kuti matumba a chakudya ali ndi ndani. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ine ndimati mwasayinira ndinu kusitolo.” Ine ndimati wasayinira ndi iye. Anthu khumi ndi awiri anakhala mozungulira moto wabwino uja popanda choikapo, ndipo mmodzi wa iwo, wa ku Nsanje wa pakamwa pakuthwa, anati, “Mabwana awiri, mphika zilo.” Mawu amenewo ananditsata zaka zisanu. Palibe amene anali waulesi pakati pa ine ndi Mbewe, kungoti palibe amene ankadziwa kuti mutu ndi wake.

Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo akayesa kulemekezana ndiye kumacha popanda wolira. Ukamati Limbikani asankhe koma ayambe wakufunsa, ukupanga zomwezo za kaputeni wathu uja. Tsiku lina ndidzadzuka miyendo itatupa, Limbikani adzati Tamanda waimbira kale dokotala, iwe udzati Limbikani ali pomwepo waona yekha. Nonse mudzakhala mukundikonda, ndipo ine ndidzakhala pampando ndi miyendo yotupa. Unandiuza wekha kuti m'magulu aja vuto lalikulu linkabuka pamene akazembe awiri a udindo wofanana aikidwa pamalo amodzi, aliyense akuyembekezera kalata yotsimikiza kuti wamkulu ndani. Kumbukira, Tamanda, bokosi la pamwamba limakhala la munthu mmodzi.

Nkhani yachiwiri sindinakuuzepo, ndipo amayi ako okha ndi amene ankaidziwa. Nditakhala sajeni anatitumiza kukalondera njanji ku Mozambique. Tsiku lina m'nyengo ya mvula ndinatsala kumsasa ndi wayilesi ndi mapu, ndipo gulu la anthu asanu ndi atatu linapita kukayendera mlatho wina, wolitsogolera ali Mbewe yemwe uja. Pobwerera anandiimbira kuti afika pamtsinje ndipo madzi akwera. Ndinayang'ana mapu. Mapu ankati pamenepo pali powolokera, madzi a m'mawondo. Kumsasa kunali dzuwa, ngakhale kamtambo kunalibe. Ndinati awoloke. Mbewe anati, “Sajeni, mvula yagwa kumapiri, madziwa ndi ofiira ndipo akubwera ndi mitengo. Tiloleni tigone tsidya lino.” Ine ndinali nditalonjeza kale bwana wanga kuti anthu onse akhala atabwerera dzuwa lisanalowe, ndipo sindinkafuna kubwerera kwa iye ndi mawu ena. Ndinakweza mawu pawayilesi n'kunena kuti ili ndi lamulo. Mbewe anali msilikali wabwino, anamvera. Asanu ndi awiri anawoloka. Wachisanu ndi chitatu, Saizi, madzi anamutenga n'kukamuwombetsa pamwala kumunsi. Anamuvuula wamoyo, koma mwendo unathyoka pawiri ndipo sanaubwezenso mwakale. Anamuchotsa ntchito ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Nditapita kukamuona kuchipatala anayesa kudzuka kuti andichitire sawatcha, ndipo ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi. Mpaka lero ndikamva mvula ikugunda pawindo la fulati yathu ndimamuona akutsimphina.

Mapu sanali abodza, mwana wanga, anali a m'chilimwe. Amene ankadziwa zoona ndi amene mapazi ake anali m'madzi. Pajatu unandionetsa mmene dziko la Denmark lilili, zilumba zokhazokha, ndi Norway kutsidya kwa nyanja pansi pa mfumu yomweyo. Unati lamulo linkachoka kulikulu pakavalo, n'kukwera bwato, n'kudikira mphepo, ndipo pofika kwa kazembe zinthu zinali zitasintha kale, mdani atasamuka kapena madzi ataundana. Unati akazembe ena ankamvera kalata yakale n'kuwononga anthu, ena ankaiika m'thumba n'kuchita zimene maso awo akuona. Udzandiuza kuti masiku ano kuli foni, uthenga sudikiranso mphepo. Ifenso tinali ndi wayilesi, ndipo mawu anga anafika pamtsinje paja nthawi yomweyo. Chimene wayilesi sinanyamule ndi mkokomo wa madzi. Ukadzandiimbira uli ku Sweden ndidzati ndili bwino, chifukwa ndine bambo ako ndipo ndidzanama. Amene adzaone kuti ndapumira kawiri pamasitepe ndi amene ali pamasitepe pomwepo.

Nkhani yachitatu ndi ya konkuno, ndipo mwina ukuikumbuka chifukwa unali utayamba kale sekondale. Titabwera kutsatira amayi ako, ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Pollokshields. Patapita zaka zitatu anandiika kukhala woyang'anira shifiti ya masana. Ndinati eya, tsopano aona mmene ntchito imayendera. Pansi panga panali mayi wa ku Poland, atsikana awiri a ku Philippines, bambo wa ku Nigeria amene kwawo anali mphunzitsi wamkulu, ndi amayi atatu a konkuno amene anayamba ntchitoyo ine ndikulonderabe njanji. Ndinalemba ndandanda ya mphindi ndi mphindi n'kuimata pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaimika pamzere m'khonde n'kuwawerengera. Onse ankati inde. Kenako aliyense ankapita kukachita mmene ankachitira kale. Sabata yachitatu mmodzi wa amayi a konkuno aja, dzina lake Jean, anandikokera m'chipinda chochapira n'kutseka chitseko. Anati, “Tamvera kuno, mkulu wa asilikali. Agogo a m'chipinda chachinayi sasamba m'mawa chifukwa amuna awo ankawasambitsa madzulo kwa zaka khumi. Pepala lako likudziwa zimenezo? Ukafuna chinthu kwa atsikana aja, uza wamkuluyo, wamng'ono sangachite kanthu mkulu wake asanagwedeze mutu. Ndipo ine usadzandiimikenso pamzere.” Ndinapsa mtima masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinamatula pepala lija n'kuyamba kufunsa, koma panthawiyo bambo wa ku Nigeria uja anali atapempha kale kusamukira shifiti ina. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Kodi si zomwezo zimene unandiphunzitsa za gulu lotsogozedwa ndi Sweden? Unati dzina linali la Sweden, koma ukatsegula mabokosi umapezamo a ku Finland, Ajeremani, ngakhale Asikoti a konkuno, amene ena mwa iwo analinso kumbali ya Denmark. Aliyense ndi chilankhulo chake, akuluakulu ake, ndi mfumu kapena bwana wake womuyang'ana kumbuyo. Unati mkulu wa gulu lotere sankangolamula ayi, ankapempha, kunyengerera ndi kudya ndi anthu, chifukwa wobwera kudzathandiza akakwiya amatha kulongedza n'kubwerera kwawo. Tsono taona tchati chako. Mayi Gondwe wawaika pansi pako ndi muvi, ngati kopolo. Mayi amene aja amayendetsa amayi makumi atatu a mumpingo, ndipo ngakhale abusa amayamba atsokomola asanawauze chochita. Bambo Archie anawotcherera zitsulo za sitima zaka makumi anayi, amagogoda pakhomo pathu chifukwa amayi ako ankawapititsira mandasi akazi awo atamwalira, osati chifukwa cha bokosi. Anthu amenewa ndi abwenzi, si asilikali ako. Amafuna munthu woti amuone nkhope, amuseke, amupatse mbale kuti abweze Lamlungu. Uthenga wa pafoni wochokera kutsidya kwa nyanja adzaumvera mwezi umodzi, mwaulemu, kenako adzayamba kutopa.

Ndipo zimenezi upite nazo, chifukwa kumene ukupitako iweyo ndiye udzakhala wobwera m'gulu la eni. Udzapeza pulofesa, anzako ofufuza, ndi anthu osunga mapepala akale amene akhala m'zipinda zimenezo iwe usanabadwe. Usakafike ndi ndandanda yako n'kuimata pakhoma. Yamba waona amene amagwedeza mutu kuti zinthu ziyende, chifukwa kawirikawiri si amene dzina lake lili pachitseko. Akakuitana ku khofi pita, ngakhale uli ndi ntchito, poti kumeneko ndi kumene udzamve za agogo a m'chipinda chachinayi. Ukalakwitsa chilankhulo chawo seka nawo. Ndipo jekete lija la buluu silikwanira, ndakuikira langa lalikulu pansi pa sutikesi yakuda, usalitulutse.

Tsopano nkhani yachinayi, imene ndakhala ndikuizungulira ngati galu pa mphasa. Amayi ako atatuluka m'chipatala ulendo womaliza uja, Loweruka lina ndinatuma Limbikani kukatenga mankhwala awo oletsa ululu sitolo isanatseke. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anadutsira ku mpira, anati angosewera pang'ono, ndipo pofika kusitolo anapeza atatseka. Amayi ako anavutika mpaka tinachita kuitana dokotala wapadera. Analakwa, zimenezo sindikubisa, ndipo iye sanakanepo. Koma tamvera zimene ndinachita ine. Mawa lake pabalaza panali podzaza anthu a kumpingo odzaona wodwala. Ndinamuimika pakati pawo n'kunena kuti, “Kuyambira lero chilichonse cha m'nyumba muno chidzera kwa Tamanda. Iwe sindidzakutumanso kanthu, ngakhale machesi.” Amayi ako anandiitana kuchipinda madzulo ake, mawu akutuluka movutikira, n'kunena kuti, “Bambo a Tamanda, mwana salandidwa udindo pagulu. Mukamubwezere.” Ndinati ndidzamubwezera akadzaonetsa kuti wasintha. Amayi ako anapita patatha milungu isanu. Zaka zisanu ndi ziwiri zadutsa ndipo sindinamubwezere. Ku usilikali munthu akatsitsidwa udindo amauzidwa nthawi yake ndi njira yobwererera, koma mwana wanga ndinamutsitsa popanda tsiku.

Ndiye usadziimbe mlandu chifukwa cha bokosi la zinyalala lija. Unajambula nyumba mmene ine ndinaimangira. Ndinakusenzetsa zonse uli ndi zaka makumi awiri, makiyi, mankhwala, makalata a kuchipatala, kenako impso zanga, ndipo ndinkanyadira pagulu kuti mwana wanga wamkazi ndi jenerale. Sindinafunsepo kuti jeneraleyo amagona maola angati. Ndikupepesa, Tamanda. Ndinakulakwira iwe pokupatsa zonse monga mmene ndinamulakwira iye pomulanda zonse.

Unandiphunzitsa chinthu china chimene chinandiseketsa chifukwa ndinkachidziwa kale, kuti chiwerengero cha papepala si chiwerengero cha pabwalo. Unati ukawerenga ndandanda za magulu aja umapeza gulu lolembedwa kuti ndi lathunthu pamene theka lili m'zipatala, ndipo nthawi zina umapeza anthu amene anamenya nawo nkhondo koma sanalembedwe paliponse. Unati ntchito yako yeniyeni ndi kufunafuna anthu amenewo. Tsono tamvera. Mwezi wathawu nesi Moira, akundichotsa masingano, anandifunsa kuti, “Bwanji mwana wanu wamwamuna salowa? Kunja kukuzizira.” Ndinati mwana wanga wamwamuna ali kuntchito, kokhoma sitima. Anandikokera katani n'kundilozera benchi ya pafupi ndi poimika magalimoto. Limbikani anali pamenepo, mu ovololo yake, chipewa chili m'manja. Moira anati amabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, akangoweruka, kuyambira pamene ndinayamba kubwera kuno. Amakhala mpaka aone galimoto yako ikulowa pageti, ndiye amadzuka n'kupita kukakwera basi. Tsiku lina unachedwa ndi theka la ola chifukwa cha ngozi ya pamsewu, ukukumbuka? Moira anati tsiku limenelo Limbikani analowa mpaka pakhomo la wodi, n'kufunsa ngati bambo ake ali bwino ndi ngati pali wowatenga, koma anawapempha kuti asandiuze. Iwe utangofika anatulukira khomo lina.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumuyang'ana kuseri kwa katani, ndipo ndakhala chete mwezi wathunthu chifukwa cha manyazi. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zinayi, amene kuntchito kwake amamudalira kuwotcherera zitsulo zoti zikayandame panyanja ndi anthu m'kati, wakhala akulondera bambo ake chaka ndi theka popanda womutuma, chifukwa bambo akewo ananena kuti sadzamutumanso. Kunyumba ndikamufunsa za tsiku lake amangoti, “Aye, fine, Dad,” n'kulowa kuchipinda. Ine ndinkati ndi mwano wa ana okulira kuno. Tchati chako chilibe benchi imeneyo, ndipo si chifukwa chakuti sunafufuze bwino. Mlonda wake anabisala dala.

Pali mwambo wina wa ku usilikali umene ndikufuna uudziwe, poti m'mapepala ako akale mwina sunalembedwe. Mlonda akamaliza nthawi yake pageti sangochoka ayi, ngakhale womulowa m'malo ataima pambali pake. Amayang'anana. Wotuluka amanena zonse zimene waona, kuti loko wa kumbuyo ndi wolimba, galimoto yakuti sinabwerere, kuthengo uko kwamveka phokoso. Akatha amapereka makiyi n'kunena kuti, “Ndapereka.” Wolowayo amati, “Ndalandira.” Mawu awiriwo asananenedwe, chilichonse chochitika pageti ndi mlandu wa wotuluka. Akangonenedwa, wotulukayo amatembenuka n'kupita, ndipo saloledwa kucheuka kapena kubwerera kudzaona ngati mnzake waima bwino. Tinkawalanga ocheuka, chifukwa mlonda amene akudziwa kuti wina akumuyang'anira kumbuyo sayang'ana kutsogolo ndi maso onse. Ndinaphunzitsa mwambo umenewu kwa anyamata mazana, koma m'nyumba mwanga sindinauchitepo.

Ndiye nazi zimene ndachita. Tchati chako ndachitenga, chili pano pakatebulo. Mabokosi onse ndawasiya mmene alili, chifukwa ntchito yake ndi yabwino ndipo Limbikani adzaifuna. Mivi yopita kwa Mayi Gondwe ndi kwa bambo Archie ndaisandutsa mizere wamba. M'bokosi la pamwamba ndafufuta dzina lako. Sindinakutsitse udindo, mwana wanga, wamaliza nthawi yako pageti, ndipo waimaliza bwino kuposa msilikali aliyense amene ndinamuyang'anirapo. Dzina lako ndalilemba pambali, kunja kwa mabokosi onse, ndi mawu akuti “Lamlungu madzulo, kucheza.” Ukadzaimba tsiku limenelo udzandiuze za akazembe ako ndi za chipale chofewa. Ukadzafunsa za mankhwala ndidzakupatsa mwini wake wa geti, Limbikani, ndipo iye akadzati zili bwino, zili bwino. Akadzalakwitsa, poti adzalakwitsa ndithu monga tonse, udzamusiye akonze yekha.

Kalata yako ya kwa pulofesa sindinaing'ambe. Ndaipinda m'envulopu muno. Ndi yako, ndipo ine ndinasiya kulamula anthu kuwoloka mitsinje imene sindikuiona. Ndingokuuza maganizo anga monga bambo ako. Ukatsala chifukwa cha ine, ndidzadya chakudya chako ndi kukwera galimoto yako, koma tsiku lililonse ndidzakuona ukutsimphina ngati Saizi, ndipo ndidzadziwa amene anachititsa. Impso zangazi zidzachita zimene zidzachite kaya uli ku Govan kaya uli ku Sweden. Ndikuopa, sindikubisira, ndipo ndidzakusowa kwambiri moti sindikudziwa kuti tebulo lija ndidzaliyang'ana bwanji likadzakhala lopanda mapepala. Koma ndikufuna ndidzaone buku lako, ngakhale ndidzangowerenga mabokosi okha.

M'mawa uno ndinakuuza kuti usabwere kudzanditenga, upitirize kulongedza, bambo Archie abwera ndi galimoto yawo. Ndinanama. Bambo Archie ali kwa mwana wawo ku Paisley mpaka Lamlungu. Lero galimoto yako silowa pageti, ndipo palibe wina amene akubwera.

Makina akuti kwatsala mphindi makumi awiri. Ndasuzumira pakatani, Limbikani ali pabenchi, wayang'ana kale wotchi kawiri. Makiyi a nyumba, khadi la kuchipatala ndi tchati ndaziika pamodzi apa. Mawa pabwalo la ndege udzamuuze zonse zimene waona pageti lino zaka zisanu ndi ziwiri, usasiye kanthu, ngakhale zoti ndimabisa mchere m'kabati ya mbale. Ukatha unene mawu aja, udikire ayankhe, ndiye utembenuke. Usacheuke, Tamanda. Ine ndidzakhala ndikukuyang'ana mpaka ukalowe, zimenezo n'zololedwa kwa bambo.

Koma iwe sungapereke chimene ine sindinabweze. Ndamupempha Moira kuti apite pabenchi paja akamuuze kuti bambo ake akumutuma. Wavala kale jekete, akutuluka. Ndilekeza pano, chifukwa dzanja ili ndikulifuna kuti ndimupatse makiyi.

Ndine bambo ako,
amene ukuwasiya m'manja abwino.